Misozi Yobwereka kwa Amayi

Malangalanga, Old Town,
Lilongwe.
6 Malichi 2023

Mlongo wanga Sumayya,

Asalamu aleikumu. Ife kuno tadzuka, kaya iwe ku Atlanta kwakoko. Ndalemba pamanja n'kujambula pa foni monga mwa masiku onse, poti tikaimbirana iwe umakhala ukuthamangira kuntchito, ine ndili ndi kasitomala akukoka nsalu, mapeto ake timangokangana. Shopu ikuyenda mokwawa. Mvula ikagwa, matope a kudepoti amafika mpaka pakhonde, ndipo anthu amalowa kudzabisala osati kudzagula.

Nkhani yaikulu nayi. Lachinayi ndinapita ku City Centre, ndipo ndinatsala pang'ono kugundidwa ndi minibasi chifukwa cha iwe. Nkhope yako ili pa chikwangwani chachikulu ngati chitseko! Akuti kukhala chikondwerero cha mafilimu, ndipo Loweruka pa 13 Meyi masana adzaonetsa filimu yako ija wakhalamo mkazi wamasiye. Pansi alemba kuti Suma Majidi, dzina lako loduladula lija, ngati nsalu yogula munthu wosakwanitsa mita.

Ndinaima pamenepo n'kumaseka ndekha. Tinakuona uli wapolisi wothamangitsa mbava, kenaka uli mbava yeniyeniyo, kenaka loya wa Chingerezi cha m'mphuno, kenaka nkhalamba ya ku Jamaica ya mano awiri. Ana anga amalumbira kuti mbuzi ya m'katuni ija mawu ake ndi ako. Ine sindidabwa. Unayamba uli kamwana kutsanzira amwenye a m'mashopu ndi azimayi a tomato, mpaka abambo ankakubisa kuseri kwa kauntala kuti tingathamangitsidwe m'tauni. Koma zonsezo timaonera pa foni. Aka n'koyamba kuti Lilongwe akuone pa chinsalu chachikulu.

Za amayi ndi zomwe zija. Chimwalirireni abambo sanabwererenso mwakale. Zimene zinachitika pa maliro unazimva, ngakhale unafika titaika kale. Amayi anayamba kubuma mwa kwawo ku Mitundu, azakhali a Tausi n'kuwagwira pakamwa pamaso pa azimayi onse, ati kuno sitilira choncho. Tsono mwezi wathawu, pa ukwati wina ku Area 15, azakhali ananena amayi ali pomwepo kuti, "Ameneyu dzina la Ikram anangolifunda ngati mpango, m'kati akadali Evelina wa kutchalitchi. Akadzafa abale ake adzamtenge." Titafika kunyumba amayi anandiitana n'kunena kuti, "Ayub, ine palibe china ndikufuna pansi pano. Mudzandigoneke kumene anagona bambo ako."

Zinandiwawa, Sumayya. Zaka makumi anayi munthu akusala nafe, akuswali nafe. Ndipo ukudziwa kuti wolamula za manda athu ndi abambo aakulu a Abdulwahab, amene khutu lawo lili m'manja mwa mlongo wawoyo.

Ndiye ndaganiza chonchi. Tsiku limenelo ndidzatenga amayi, azakhali, abambo aakulu ndi ashehe, onse pa mzere wakutsogolo. Adzaone anthu a mataye akuombera m'manja mwana amene Ikram anabereka n'kulera. Azakhali amakonda ulemu ngati nyerere pa shuga, sadzalola kukhala kunja kwa chithunzi. Akangokhala pambali pa amayi pagulu, nkhani ya manda yatha.

Undiyankhe msanga, undiuze kuti filimuyo ndi yotani kuti ndiyambe kudzitama molondola.

Ndine mchimwene wako,
Ayub

Atlanta,
24 Malichi 2023

Achimwene,

Wa aleikumu salamu. Ndathokoza kalata yanu, ndipo pepani kuchedwa. Ndinali ku New York, komwe madzulo aliwonse ndimavala ndevu n'kukhala mfumu yopenga pa siteji, m'mawa n'kukajambulitsa mawu a mbuzi ija. Auzeni ana kuti sananame. Ramadhani yabwino kwa nonse. Amayi akukwanitsa kusala ndi shuga wawo uja?

Za chikondwererocho sindimadziwa. Filimu ikatuluka imayenda yokha, ife sationanso. Imeneyo tinajambula kalekale, ndi kagulu kakang'ono, ndipo ndinkaganiza kuti idzathera m'timaholo ta kuno momwe mumakhala anthu khumi ndi awiri ndi galu mmodzi. Sindinalotepo kuti ingafike ku City Centre.

Achimwene, ndikupempha, amayi musawatengereko. Filimuyo si yabwino kwenikweni. Ndi yaitali, ndi yachisoni, anthu ake amangoyang'ana pawindo. Muli maliro, ndipo mtima wa amayi sunapole. M'maholo otere amayatsanso mpweya wozizira, adzatuluka ndi chifuwa. Azakhali nawo sadzamva Chingerezi chake, adzagona n'kumaliza mkonono, inu n'kuchita manyazi. Dikirani ina ikubwera chaka chamawa, yoseketsa, ndili mphunzitsi wa galimoto woopa msewu. Imeneyo ndidzabwera ndekha tidzaonere limodzi, ndidzagula ndi zakumwa zomwe.

Mawu a azakhali aja andisowetsa mtendere. Kodi palibe njira ina? Bwanji inu nokha mukakhale pansi ndi abambo aakulu pa Idi, mtima wawo uli wofewa? Kapena ndiwalembere ine? Ntchito yanga musaiike pa nkhani yolemera chonchi. Anthu amaona nkhope pa chikwangwani n'kumati munthuyu wafikapo, koma ntchito imeneyi ndi yotola. Timatola kayendedwe ka uyu, katsokomoledwe ka uyo, kaya pa basi kaya m'chipatala, n'kukazigulitsa. Nthawi zina umatola chimene sunayenera kutola.

Chinanso. Ndikudziwa kuti makalata anga mumawawerenga mokweza mushopu ndi kuwatumiza pa gulu la banja lija. Mwana wa azakhali anandiyankhapo nkhani imene ndinalembera inu nokha. Iyi yokha musatero.

Mundipatsire moni amayi, alamu ndi ana.

Mlongo wanu,
Sumayya

Malangalanga, Old Town.
11 Epulo 2023

Sumayya,

Moni ndikupatsa chifukwa ndi mwezi wosala, apo ayi ndikanayamba ndi zina. Tonse tili bwino. Amayi akusala, shuga wawo sakuvuta.

Kalata yako ndinaiwerenga ndekha monga unapempha, ndipo ndi bwino ndinatero. Mpweya wozizira? Mkonono? Iwe, ine ndinakusintha matewera. Ungotiuza zoona kuti ukuchita nafe manyazi. Ukuopa kuti azungu a ku ma embase ndi mabwana a ku Area 43 adzaona kuti Suma Majidi anachokera kuseri kwa depoti, kuti mayi ake amalankhula Chichewa cha ku Mitundu, kuti mchimwene wake amayeza nsalu ndi mkono. Dzina unalidula kale, tsopano ukufuna kudula ndi anthu omwe. Nkhope zonse zija umavala kumeneko, yakwanu yokha ndiyo ikukuthina?

Mwina waiwala. Pamene unkachoka ndi gulu la zisudzo lija, Old Town yonse inati mwana wa Abdulmajid wapita kukavina maliseche. Amene anaima pakhomo n'kuwayankha ndi amayi. Lero ulemu wabwera wokha mpaka pa chikwangwani, iwe ukuti auphonye chifukwa cha chifuwa.

Wachedwa, mlongo wanga, madzi afika kale m'khosi. Ndinapita ku ofesi ya okonza chikondwerero. Mayi wake wamkulu, wokhala ku 43, wokulira kunja, Chichewa chake chongopatsira moni, atamva kuti ndine mchimwene wako analumpha pampando. Watipatsa mzere wonse wakutsogolo, ndipo akuti filimu ikadzatha adzaitana amayi kutsogolo kuwapatsa maluwa.

Tsono imva chimene chachitika. Nditapereka khadi loitanira kwa azakhali ku Area 3, analitembenuza kawiri, n'kufunsa ngati kudzakhala a wailesi ya kanema. Ndinati adzakhalako. Lachisanu lapitali anatumiza futari kunyumba, mbale yodzaza. Lamulungu anabwera okha, koyamba chichitikireni maliro, nakhala pamkeka ndi amayi kukambirana za nsalu yoti asoketse yofanana. Ndinawamva ndi makutu angawa akuti, "Mlamu, wobiriwira ndiye amakukhalani." Mlamu! Amayi anaseka mpaka kuoneka mano a m'mbali. Ine ndinatuluka panja, ndinaopa kulira pamaso pa akazi.

Abambo aakulu avomera, ashehe avomera. Ndabwereka minibasi ya Nasser. Telala wayamba kale kudula.

Ndiye ngati uli ndi chifukwa chenicheni, chinene ngati munthu wamkulu. Ngati ulibe, tumiza kavidiyo kopatsa moni amayi kuti adzakaonetse poyamba, ndipo ulankhule Chichewa, usatiyalutse.

Ayub

Atlanta,
28 Epulo 2023

Achimwene,

Kalata iyi sindikuitumiza pa foni. Ndaipatsa Angela, namwino wa ku Area 15 uja timakhala naye mzinda umodzi, akunyamuka Lachitatu. Ndamuuza kuti aipereke m'manja mwanu muli nokha. Kangapo konse ndatenga foni kuti ndikuimbireni, ikangoyamba kuitana ndimadula. Ine wodya ndi pakamwa, pakamwa pandikanika.

Sindikuchita nanu manyazi. Ndikuchita manyazi ndi ine mwini.

Mukukumbuka kuti nditafika mochedwa pa maliro ndinakhala ndi amayi m'nyumba masiku awo a eda, pamene wamasiye satuluka. Tsiku lina masana inu muli kushopu, ine ndikuchapa kuseri, ndinamva amayi akubuma kuchipinda. Ankamaliza kulira kuja anawadula azakhali. Ankayesa kuti ali okha. Ndinayandikira pawindo, thovu lili m'manja. Ndikanalowa n'kuwagwira. Sindinalowe. Ndinaima n'kumamvetsera mmene mawu ankakwerera ndi kutsika, pamene ankapumira, mmene ankamenyera chikhatho pa bondo. Mwa ine mwana wolira bambo ake analipo, koma wa zisudzo uja analiponso, akutola.

Zimene ananena inu simukuzidziwa. Zaka zonse za ukwati wawo, Lamulungu m'mawa amayi ankadzitsekera kuchipinda n'kumaimba chapansipansi nyimbo za kutchalitchi cha kwawo. Abambo ankadziwa. Iwo ndiwo ankatseka chitseko, n'kukhala pampando pakhonde, n'kukweza wailesi kuti anthu a mpanda asamve. Mukukumbuka tinkadandaula kuti Lamulungu wailesi imasokosa? Anatchulanso azakhali ndi dzina, ndi zimene ankawachitira.

Patapita miyezi inayi tinayamba kujambula filimu ija. Pofika pa maliro, zimene anandilembera zinali zouma. Tinabwereza m'mawa wonse, wotsogolera filimu akungopukusa mutu. Kenaka anati, "Taya pepalalo. Lira m'chinenero chako, nena chilichonse, palibe adzamve." Ndinayang'ana anthu onse anali pamenepo, panalibedi ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti Chichewa n'chiyani. Ndinagwada, ndinatsegula pakamwa, ndipo anatuluka ndi amayi. Mawu onse, maina onse, osasintha ndi limodzi lomwe. Nditamaliza, wogwira kamera ankapukuta m'maso. Anandiombera m'manja, ine n'kumva kukoma. Pambuyo pake anandipatsa mphoto chifukwa cha malo amenewo, ndipo atolankhani atandifunsa kuti ululu wotere ndinautenga kuti, ndinayankha kuti ndi luso.

Ndinadziuza kuti Amereka ndi kutali. Ndinaiwala kuti filimu ili ndi miyendo.

Achimwene, chitani chilichonse. Nenani kuti amayi adwala, nenani kuti minibasi yafa, nenani kuti ine ndakukanizani chifukwa ndine wonyada, ndilolera dzina limenelo. Ndalembera okonza chikondwerero kuti aichotse, andiyankha mwaulemu kuti matikiti atha kale ndipo eni filimu si ine. Kavidiyo ka moni sinditumiza. Azakhali, abambo aakulu ndi ashehe asalowe m'holo imeneyo. Mukawerenga mundiimbire, munditukwane, ndidzamvetsera mpaka mutatopa.

Sumayya

Malangalanga, Old Town.
16 Meyi 2023

Sumayya,

Kalata yako Angela wabwera nayo lero m'mawa. Anaiika m'chikwama chachikulu, chikwamacho chinatsalira pa bwalo la ndege ku Addis, chafika dzulo. Mtsikanayo anapepesa kwambiri, osadziwa kuti akupepesa chiyani. Ndaiwerenga nditatseka shopu. Ikanafika Lachisanu bwenzi ndikukutukwana mosangalala.

Unakhala chete, ine ndinayesa kuti wakwiya ndi mawu anga aja, ndiye ndinati umve kuwawa pang'ono. Tinapita. Ndikuuza zonse, chifukwa ngati ine ndinaziona, iwenso uzione.

Tinafika ngati a ukwati. Amayi ndi azakhali m'zobiriwira zofanana, atagwirana mkono pokwera masitepe. Abambo aakulu ndi mkanjo wawo wa Idi. Holo inadzaza, theka lake anthu a Old Town amene ndinawaitana ine ndi pakamwa pangapa. Dzina lako litatuluka tinaimba mluzu mpaka mzungu wina anatembenuka. Ola loyamba unanena zoona, anthu ake amangoyang'ana pawindo. Ashehe anasinza pang'ono.

Kenaka maliro. Unagwada pambali pa bedi, n'kuyamba. Anthu atamva Chichewa m'filimu ya ku Amereka anakuwa ndi chimwemwe, ena anaombera m'manja. Pansi pa chithunzi anangolemba m'Chingerezi kuti mkazi akulira m'chinenero chake. Ndiye mawu anayamba kumveka bwino, pa zokuzira mawu zazikulu ngati mafiriji.

"A Abdulmajid amuna anga ine, mwandisiyira yani? Chitseko adzanditsekera ndani Lamulungu m'mawa? Wailesi adzandikwezera ndani ndikamaimba nyimbo za kwathu? A Tausi alongo anu amatsuka kawiri kapu yomwera ine, inu n'kuilanda n'kumweramo. Dzukani mundiitane Evelina, palibenso wina wondiitana!"

Holo inangoti zii. Sunali iwe, Sumayya. Ndi kumenya bondo komwe, anali amayi, ndipo aliyense wa ku Old Town anawazindikira. Ndinamva mipando ikulira, anthu akutembenuka kuyang'ana mzere wathu. Azungu okha ndiwo ankafwenthera m'timipango. Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Azakhali anachotsa dzanja lawo pa mkono wa amayi pang'onopang'ono, ngati akuchotsa pa mbaula. Anaimirira, chithunzi chako chikuwawalira kumaso, n'kutuluka. Abambo aakulu anakhalabe mpaka unamaliza kulira, kenaka anatola ndodo yawo. Ashehe anawatsatira. Ine ndinati, "Amayi, tiyeni." Iwo anati, "Khala pansi, sinathe."

Magetsi atayaka, mayi wa ku 43 uja, amene sanamve ndi liwu limodzi, anakwera kutsogolo maso ali ofiira, n'kuitana mayi wobereka katswiri. Ndinawagwira chitenje amayi. Anandichotsa dzanja, anayenda okha kanjira konse kaja, analandira maluwa ndi manja awiri, n'kugwada pang'ono monga amachitira. A Old Town palibe anaomba m'manja. A kanema anajambula.

Lero tsiku lachitatu sanatuluke m'nyumba. Dzulo mayi wina anabwera kushopu kudzagula mita imodzi ya nsalu, n'kundifunsa ngati tikugulitsanso mawailesi. Abambo aakulu atumiza mawu kuti Lachisanu la sabata yamawa, tikachoka kumzikiti, abwera ndi azakhali kudzamva kwa mwini wake.

Ndinakunena kuti ukuchita nafe manyazi. Ndinalakwa, koma sindikupepesa. Iwe unaba, ine ndinaitana anthu kudzaona katundu wakubayo. Sindikudziwa wopusa kwambiri ndani.

Ayub

Atlanta,
17 Meyi 2023

Achimwene,

Ndaimba kasanu, simukuyankha, ndipo sindikukudandaulani. Iyi muwawerengere amayi, ndikugwirani mwendo.

Amayi, njira ilipo. Ine ndine wa zisudzo, ntchito yanga ndi kunama, Lilongwe yense akudziwa. Lachisanulo muwauze kuti ndinapeka. Munene kuti ndinakwiya ndi azakhali chifukwa chokugwirani pakamwa pa maliro, ndiye ndinalukira nkhani ya chitseko ndi wailesi kuti ndiwabwezere. Ine ndijambula vidiyo, nditafunda mpango, ndivomere kuti zonse zinali za m'mutu mwanga, ndipepese kwa azakhali, kwa abambo aakulu ndi kwa ashehe. Ndidzalira, ndipo adzakhulupirira. Zimenezo ndimazitha.

Palibe wina anamva kupatula ine. Mukangoti "sizoona," mawu amodzi okha, malo anu pambali pa abambo abwerera. Adzanditukwana ine, ndipo ndi zondiyenera. Ndili kutali, matemberero amafika atazizira.

Sindikupempha kuti mundikhululukire. Ndikupempha kuti mundilole ndiname kamodzi kokha mokuthandizani.

Mwana wanu,
Sumayya

Old Town,
4 Juni 2023

Mwana wanga Sumayya,

Ndine mayi ako. Ndalemba ndekha, usaseke zilembo, cholembera ndinachisiya kalekale. Ayub ati ajambula atumize osawerenga. Kaya.

Ndili bwino. Miyendo yokha. Iwe ukudya? Pa chinsalu paja unaoneka wowonda.

Kalata yako anandiwerengera. Ndinaiganizira masiku ambiri. Usiku ndinkati ndivomera, kukacha ndinkati ayi.

Lachisanu lija anabwera. Abambo ako aakulu anakhala pampando wa bambo ako, azakhali ako pamkeka, atafulatira pang'ono. Ine manyazi anandigwira kuyambira kumutu mpaka kuzala. Munthu wamkulu ngati ine, za kuchipinda kwanga zili m'kamwa mwa ana a pa depoti. Sindinathe kukweza nkhope.

Abambo ako aakulu si munthu woipa. Analankhula mofatsa. Anati, "Mlamu, ana a masiku ano amapeka zinthu. Tiuzeni kuti mwanayu anapeka, timwe tiyi, nkhani ithere pompano." Anandikonzera njira yomweyo unandikonzera iwe. Ngakhale azakhali ako ndinaona kuti akufuna nditero, chifukwa nkhani ya kapu ija inawakhudza.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Ndiye ndinaona mpando umene anakhalirawo. Bambo ako anakhala pamenepo Lamulungu lililonse, mvula kaya dzuwa, kumvetsera wailesi imene sankaikonda, kuti ine ndiimbe. Sanandifunsepo kuti udzasiya liti. Anthu ankamudziwa ngati munthu wa nsalu ndi wa kumzikiti. Chimene anandichitira ine palibe ankachidziwa, ndipo ndicho chinali chachikulu pa zonse anachita. Ndikanati sizoona, ndikanamufafaniza ndi pakamwa panga kuti ndikagone pambali pake. Ndikanakagona bwanji?

Ndinati, "Alamu, mwanayo sanapeke. Kusala ndinasala ndi mtima wonse, kuswali ndinaswali ndi mtima wonse, Mulungu ndi mboni. Koma nyimbo zija sizinachoke, ndipo mng'ono wanu ankanditsekera chitseko."

Abambo ako aakulu anapukuta m'maso ndi chipewa. Kenaka anati, "Mwandimanga manja, mlamu. Mwanena pamaso pa anthu. Za manda tizisiya kwa abale anu." Tiyi sanamwe. Azakhali ako potuluka anaima pakhomo ngati akufuna kunena kanthu, koma anangokonza mpango n'kumapita.

Ndiye zatha choncho. Kumene ndinkafuna sindikagonako. Ndalira, ndisakunamize, ndipo ulendo uno ndinayamba ndayang'ana pawindo.

Vidiyo yako usajambule. Wanama zokwanira, ndipo amakulipira, usanamenso ulere.

Ukufuna kudziwa ngati ndakukhululukira. Sindikudziwa. Tsiku lija m'holo ndinafuna kufa. Koma ndinakhala mpaka pamapeto chifukwa ndinkafuna kuona ngati wina abwere kudzamugwira pakamwa mkazi uja. Sanabwere. Analira mpaka anamaliza, anthu mazana ali chete kumumvera. Ntchito yako umaidziwa, mwana wanga. Ukanangogogoda n'kupempha.

Sabata yatha ndinapita ku Mitundu kwa malume ako a Nebert. Ndinawafotokozera. Sanandifunse zambiri, ananditengera kumanda a kwathu n'kundionetsa malo pafupi ndi agogo ako. Ndi pabwino, pali mthunzi. Kungoti ndi kutali ndi Lilongwe.

Kumeneko saika tsiku lomwelo, amadikira mwana wakutali. Ndiye ukadzamva, usadzathamange, udzandipeza. Udzalowe m'nyumba ya maliro, udzakhale pansi ndi azimayi anzako, udzalire mmene ungafunire, palibe adzakuletse. Koma mawu udzabwere ndi ako. Anga aja unatenga kale.

Ndine mayi ako.